Mzere pa mkono wa malaya a achimwene

Sikisi koloko m'mawa inakwana alamu anga atamaliza kale mulu woyamba wa zovala. Ndinawapeza pa tebulo lawo la pakona, simbi ili m'manja, foni ataitsamiritsa pa botolo la madzi owazira zovala. Tonse timagwira ntchito pa shopu yochapa ndi kusita. Iwo amasita, ine ndimapinda n'kulongedza, mwana ali kumbuyo.

Alamuwa ndi akazi a achimwene anga. Kusita anakuyamba ali kamtsikana, pa yunifolomu ya bambo awo amene anali mlonda. Atakwatiwa, malaya onse amene achimwene ankavala ku koleji ankadutsa m'manja mwawo. Achimwenewo simbi sadziwa ndi pogwira pomwe. Tsiku lina atayesa anabowola thalauza pabondo, mpaka lero timawaseka.

Mwezi wathawu achimwene anapita kunja kukapitiriza maphunziro. Masabata oyambirira sukuluyo imatenga ophunzira atsopano n'kumawazungulitsa mumzinda kuti adziwe malo. Ndiye zithunzi zakhala zikungobwera: achimwene pa mlatho wautali, achimwene m'sitima yoyenda pansi pa nthaka, achimwene m'nyumba ya mabuku ya masitepe oyenda okha. Poyamba alamu ankaonetsa aliyense, ngakhale makasitomala. Kenako anasiya. Amangoyang'ana okha, n'kumakulitsa chithunzi ndi zala.

"Alamu, tabwerani," anandiitana m'mawa umenewo. "Mukuona chiyani apa?"

"Ndikuona achimwene, kumbuyo kwawo chifanizo cha munthu wokwera hatchi."

"Hatchiyo isiyeni. Onani mkono wa malayawo."

Mkonowo unali ndi mzere wowongoka bwino, kuchokera paphewa mpaka kumapeto.

"Ine mikono ya malaya awo sindiika mzere, amati amaoneka ngati wapolisi. Malaya abuluuwa ndinalongedza ndekha. Awavala kale pa mlatho paja, awavalanso m'sitima. Ndiye kuti achapidwa, asitidwa. Wasita ndani?"

"Mwina kumeneko kuli shopu ngati yathu ino," ndinatero.

"Shopu imasokerera batani? La pakhosili linathothoka tikutsanzikana ku bwalo la ndege. Ndinalitola ine, lili m'chikwama mwangamu. Panopa onani, batani lilipo, lasokedwa ndi ulusi woyera."

Mayi amene amachapa ankatimvera ali pa makina awo.

"Si apita kukaphunzira amuna anuwo?" anatero. "Sabata yoyamba awaphunzitsa mlatho, yachiwiri singano. Akamabwera adzakhala akuphika ndi kuphika komwe."

Tinaseka awirife, alamu ayi. Anangoima, maso pa foni, simbi itagona pa bulauzi ya kasitomala. Ndinachita kuwalanda simbiyo fungo lopserera litayamba kumveka. Chiyambireni ntchito imeneyi sindinawaonepo akuiwala simbi pa chovala.

Nthawi yopuma tinakhala kuseri kwa shopu, pansi pa zingwe zoyanikira, ine ndikuyamwitsa. Ndinawauza kuti achimwene ndimawadziwa, si munthu wa zimenezo. Kunena zoona, nanenso mzere uja unali utandikhala pamtima.

"Mlatho sindikuuchitira nsanje," anatero alamu. "Aone zonse, n'zimene anapitira. Ine ngakhale atanditengera kumeneko, masitepe oyenda okhawo angandigwetse. Koma malaya aja, alamu, ndi pokhapo pamene ndinali ndi dzanja langa pa ulendo wonsewu. Wina wafikaponso."

"Bwanji osangowafunsa?"

"Ndikafunsa ine ati mkazi wosapita kusukulu wayamba nsanje. Asiya kutumiza zithunzi, kapena azivala jekete kuti ndisaone mikono. Nanga mwana wathu akamalira madzulo kuti akufuna kuona adadi, ndizimuonetsa chiyani?"

Abwana anatiitana kuti kwabwera makatani a ku hotelo. Alamu anaimirira, anakonza epuloni, koma asanalowe anandigwira paphewa.

"Inu ndi mlongo wawo, kwa inu sangazembe. Muwaimbire pa foni yanu Lamlungu, muchite ngati mukuwaseka kuti aphunzira liti kusita. Akakuuzani kuti ndi mnzawo wa m'chipinda, mudzandiuze. Akakuuzani kuti ndi mkazi, mudzandiuzenso, koma osati muno. Mudzadikire ndizimitse kaye simbi."