Tiyi wa Mayi Chirwa

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anabwerako kuchipatala chimanjamanja. Khanda linabadwa litafa kale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, m'nyumba ya pamwamba yonunkha chinyezi.

Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapepesa. Pagulupo panali Mayi Chirwa, amene anakhalako ku Germany zaka zambiri ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Iwo ndi amayi anga sankamwerana madzi chiyambire pamene amayi anawagonjetsa pa chisankho cha bungwe la amayi. Tsikulo Mayi Chirwa anatulutsa kabokosi ka tiyi kolembedwa Stilltee.

"Muzimwa uyu, asisi," anatero. "Mwaona alemba still? Pachingerezi ndiye kuti bata. Mtima ukhala m'malo."

Amayi ankamwa m'mawa ndi madzulo. Fungo lake lotsekemera, ngati mankhwala a chifuwa, linadzaza khitchini yonse.

Kusukulu tinali titangoyamba Chijeremani, ndiye ndinatenga kabokosiko kukaonetsa aphunzitsi, ndikudzimva. Anamwetulira n'kundifunsa ngati kwathu kwabadwa mwana. Anati stillen ndi kuyamwitsa, ndipo tiyiyo amamwa amayi oyamwitsa kuti mkaka uchuluke. Pomwepo ndinaona m'maganizo amayi akumanga chitenje pachifuwa molimba, akubuula ndi mawere otupa opanda woyamwa. Mtima wanga unawira.

Sindinauze munthu. Ndinadikira mpaka gulu lija litakumananso kwathu. Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira, n'kuika kabokosiko patsogolo pa Mayi Chirwa.

"Mayi, inu mumadziwa Chijeremani. Tatiwerengereni, apapa alemba chiyani?"

"Iwe mwana, zimenezo ndinaiwala kalekale."

"Ndiye ndikuthandizeni."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, m'Chichewa changa chopotoka cha mwana wa ku Glasgow, mokweza kuti ngakhale okhala kukhomo amve. Mayi Chirwa ananyamula chikwama n'kutuluka osatsanzika, mpaka kuiwala ambulera pomwe kunja kunkagwa mvula. Kunena zoona, ndinasangalala.

Alendo atapita, amayi anandikoka khutu n'kundilanda foni. "Wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Ukapepese." Ndinakana. Koma kabokosiko anakataya okha m'bini, ndipo za kupepesa sanazitchulenso.

Amayi anakhululuka. Lero amaimba kwaya imodzi ndi Mayi Chirwa, ndipo amati mwina sankadziwadi. Ine ayi. Munthu amene anaberekera ana atatu ku Germany sangaiwale tiyi wa oyamwitsa. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti nkhanza zina zimabwera zitakutidwa bwino, m'chilankhulo chimene iwe sukumva, ndipo umathokoza polandira. Ndikakumana nawo kutchalitchi ndimawapatsa moni, koma dzanja sindipereka. Amayi nthawi ija sankatha kudzuka, ndiye wowiritsa madzi n'kuwaumiriza kuti amalize kapu yonse ndinali ine.