Oyilo Wotuwa M'galimoto ya Amuna Anga

Amuna anga atadwala matenda ofa ziwalo, galimoto yawo yonyamulira zinanazi inangokhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Dzanja lawo lamanja linaleka kugwira, mawunso ankatuluka movutikira. Tsiku lina anandilozera kiyi n'kundiuza kuti galimoto ikakhalitsa osalizidwa, batire imatha mphamvu.

Ine ndinali ndisanagwirepo chiwongolero. Iwo ankakhala pakhonde, ine n'kutsegula boneti. Anandiphunzitsa kusolola kachitsulo koonera oyilo, kukapukuta ndi kansanza, kukabwezera n'kukasololanso. Kenako kuona madzi mu ladiyeta injini isanatenthe. Ndikalowa ndinkayamba ndaonetsetsa kuti galimotoyo siili m'giya, n'kuponda kilachi, ndiye n'kupotokola kiyi. Ikakana, ankakweza chala kuti ndisaiumirize, ndidikire kaye. Masiku a chiperoni inkayamba yatsokomola. Ikalira, nkhope yawo inkamasuka.

Tinachita zimenezi miyezi ingapo, Lachiwiri ndi Lachisanu.

Tsiku lina kachitsulo kaja kanatuluka ndi oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndipo madzi omwe ndinathira ulendo watha anali atatsika. Sindinadziwe tanthauzo lake, koma ndinadziwa kuti si zabwino. Ndinapukuta msangamsanga n'kuwauza kuti zonse zili bwino, poopa kuti magazi awathamanga. Ndinailiza. Utsi woyera unadzaza pabwalo, injini ikunjenjemera.

"Zimitsani, mayi," anatero amuna anga. "Bweretsani kansanzako ndione."

Ndinawapatsa. Anakayang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire.

Alamu anga, ang'ono awo, anabwera ndi makaniko wa ku Thuchila. Makanikoyo anati gasiketi yotchinga madzi mu injini yapsa, madzi akulowa mu oyilo, ndipo anafunsa ngati ndinailiza nditaona kale zimenezo. Ndinavomera. Anangopukusa mutu. Anati mwina injini inali itaonongeka kale mkati, mwina ndinaimaliza ndine, sangadziwe asanaimasule.

Sitinaimasule. Alamu anapeza munthu wa ku Muloza yemwe ankafuna zitsulo zake, ndipo anadzaikoka ndi chingwe Loweruka m'mawa. Amuna anga anakana kutuluka m'nyumba. Atamva kuti yatuluka pabwalo, anandiitana n'kundifunsa ngati ndachotsamo chipewa chawo kuseri kwa mpando. Ndinali nditaiwala. Ndinathamangira kumsewu osavala nsapato, koma anali atakhota kale kuseri kwa minda ya tiyi.