Ndinakalira Maliro a Eni ku Norway

Chaka changa chachitatu ku koleji ya zauphunzitsi ndinasankhidwa kupita ku Norway kwa miyezi isanu, pa ndondomeko ija yosinthana ophunzira. Kwathu, kumapiri a kuseri kwa Chezi, nkhaniyi inalengezedwa m'tchalitchi pakati pa za ubatizo ndi za feteleza. Anandiimiritsa kutsogolo, anthu n'kuomba m'manja, ine mapewa m'mwamba ngati ndegeyo ndagula ndine. Pondiperekeza kukakwera minibasi, mayi anga anangoti, "Iwe, usakatichititse manyazi kumeneko. Ukakhale munthu."

Ku Norway ndinkasungidwa pabanja la eni dziko. Mkulu woyang'anira ophunzira akunja anatichenjeza tsiku loyamba kuti wovutitsa omusunga, kapena oyandikana nawo, akwera ndege yobwerera sabata yomweyo. Ndinamvera ndi khutu limodzi. Mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo ngati ine akanavutitsa ndani?

M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala nkhalamba ziwiri, mwamuna ndi mkazi wake. Bamboyo ndinkawapatsa moni m'mawa uliwonse, iwo n'kungogwedeza mutu osandiyang'ana. Lachiwiri lina tikumwa tiyi, mayi wondisunga anati, uku akupaka batala pa buledi, "Bambo a nyumba iyo amwalira dzulo." Kenako anatenga makiyi a galimoto n'kupita kuntchito.

Ndinasuzumira pawindo. Panalibe masamba pamsewu, panalibe utsi, panalibe ngakhale munthu mmodzi pakhomopo. Mtima unandipweteka. Koma ndisaname, ndinadzimvanso kukoma: lero anthu awa aphunzira umunthu kwa mwana wa ku Dowa. Kusukulu sindinapite. Ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauza ndi jekete, duku kumutu, n'kutenga paketi ya shuga m'kabati ya eni ake kuti ikhale chipepeso.

Kwathu mkazi salowa m'siwa mwakachetechete, amayambira kulira akadali panjira. Ine ndinayambira pageti.

"Mayo ine! Bambo athu, mwatisiya ndi yani!"

Dzina lawo sindinkalidziwa n'komwe. Galu wa tsidya la msewu anandiyankha, ndipo makatani a nyumba zingapo anagwedezeka.

Mayi wamasiye anatsegula chitseko. Ndinavula nsapato, ndinalambalala mipando yawo yofewa, n'kukakhala pansi pakona, miyendo nditatambasula, kudikira olira anzanga.

"Mwana wanga, wavulala?" anandifunsa m'Chingerezi. "Ndiitane ambulansi?"

Ndinawauza kuti ndabwera kudzakhala nawo.

"Mpaka liti?"

"Mpaka tiike maliro, amayi."

"Malirotu ndi Lachisanu la sabata yamawa."

Ndinawerenga chamumtima: masiku khumi ndili pansi. Kudzuka kunandichititsa manyazi, kukhala kunandichititsanso manyazi, ndiye ndinangokhala. Mayiwo analowa kukhitchini n'kundibweretsera khofi ndi keke. Namfedwa kutumikira ine! Mayi anga akanaona zimenezi akanandikana pamaso pa mpingo. Koma kekeyo ndinadya, magawo awiri. Tinakhala chomwecho mpaka dzuwa kupendeka, iwo pampando, ine pansi. Palibe anagogoda pachitseko.

Mayi wondisunga pobwera kuntchito anali atamva kale. Woyandikana nawo wina anali atawaimbira foni kuti mlendo wawo akukuwa pakhomo pa anthu oferedwa. Anandiuza modekha, pajatu ukali wa kumeneko ndi wodekha, kuti ayenera kudziwitsa mkulu wa ophunzira uja. Anafunsanso za shuga wawo. Kutacha ndinalandira uthenga woti ndikaonekere ku ofesi Lolemba.

Ndinali ndi mantha enieni. Ndinkadziona ndikutsika minibasi pa Chezi ndi chikwama changa, miyezi itatu isanakwane, anthu omwe aja anaomba m'manja akundifunsa chimene ndalakwa, ine n'kuyankha kuti ndinapita kumaliro. Ndani akanandikhulupirira? Akanangoti mtsikanayu wabwera ndi pathupi.

Lolemba mkuluyo anandifotokozera kwa nthawi yaitali kuti kumeneko chisoni n'cha mwini wake, ndipo sulowa pakhomo usanaitanidwe. Ndinapepesa mpaka kutsala pang'ono kugwada. Pomaliza anati anaimbira foni mayi wamasiyewo kuti awapepese, koma iwo akana kudandaula.

"Akuti ukakhalepo pamaliro Lachisanu," anatero. "Ine sindikumvetsa, koma oitana ndi iwo."

Tsikulo tchalitchi chinali chachikulu, anthu osadzaza ngakhale mabenchi atatu. Ndinavala diresi lakuda n'kukhala kumbuyo kwenikweni, nditalumbira kuti ngakhale kutsokomola sinditsokomola. Mayi wamasiye aja anacheuka, anandikodola, n'kundikhazika pambali pawo, pa benchi la achibale. Abusa analalikira, limba linalira, anthu maso ali gwa. Amuna ovala masuti atanyamula bokosi, mayiwo anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Ine ndi bambowa takhala limodzi zaka makumi asanu," ananong'ona. "Ine kukuwa sinditha, palibe anandiphunzitsa. Ndilirire, mwana wanga."

Ndinatsegula pakamwa, koma mfuu ya pageti ija sinabwere. Ijayi inali yodzionetsera, ndipo ndinaidziwira pomwepo. Chimene chinabwera ndi misozi yokha, yambiri, ndi mamina omwe, mawu ayi. Ndinkalira chifukwa ndinawamvera chisoni mayiwo, basi. Iwo atandiona anagwetsa mutu paphewa panga n'kuyamba kulira mokweza, mpaka onyamula bokosi anaima pakati pa tchalitchi kuwadikira.