Chaka Chimene Mkazi wa Khukhi Anaonda

Kwathu ku Malosa thupi la mkazi wokwatiwa si lake yekha ayi, ndi mbiri ya mwamuna wake. Ukatsika minibasi masaya atadzadza, anthu sayamikira iwe, amati, "Bambo uja akumusunga bwino mwana wathu." Ukatsika siketi itagwidwa ndi pini, mlandu wagwera yemweyo. Ine ndinakula ndikumva zimenezi ndipo ndinkaseka nawo, osadziwa kuti tsiku lina zidzafika pakhomo panga.

Ndinakwatiwa ndi khukhi. Amuna anga ankaphika pa loji ina pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe ife tinkachita lendi ku Zakazaka. M'mamawa ankakwera phiri chifunga chisanachoke m'mapaini, madzulo n'kutsika akununkha adyo ndi utsi. Chaka choyamba cha banja ndinanenepa mpaka mphete inakana kuvuka, ndipo amayi anga ankandionetsa kwa anzawo kutchalitchi ngati nsalu yatsopano.

Kenako ndinadwala taifodi. Anandigoneka m'chipatala, diripi pamkono, majakisoni amphamvu, ndipo potuluka anandipatsa makapusozi oti ndikamalizire kunyumba. Ndinamwa onse monga anandiuzira. Thupi linasiya kutentha, mutu unaleka kupweteka, aliyense anati ndachira. Koma mnofu umene unapita sunafune kubwerera. Ndikangodya kanthu mimba inkafufuma, kulira ngati chigayo, kenako ulendo wa kuchimbudzi. Miyezi inadutsa ndili mafupa okhaokha.

Khukhi akaona munthu woonda amaganiza za mafuta basi. Amuna anga anayamba kundiphikira zakuloji: tchipisi, soseji, chiwindi, mazira osambira m'majarini. Ankaimirira pambali panga manja kumbuyo, ngati akudikira bwana alawe. Ndinkadya kuti asakhumudwe, koma mimba inalibe nawo ulemu, inkataya zonse.

Pampopi manong'onong'o anayamba. Ndikafika ndi ndowa nkhani inkaduka, wina n'kuyamba kukamba za mtengo wa makala. Ndinkadziwa zomwe ankanena: mkazi wa khukhi sangaonde ndi njala, ndiye kuti ndi matenda aja, ndipo wawabweretsa ndi mwamuna, paja kuphiri kumapita alendo amitundumitundu. Tinapita limodzi kukayezetsa magazi, sanapeze kanthu. Anandiyeza makhololo, chifuwa chachikulu ayi. Koma sungayende khomo ndi khomo kulengeza za magazi ako.

Amayi atabwera kudzandiona anaponya chikwama pansi n'kugwira pakamwa. Amuna anga anawapatsa moni atanjuta chapatali, monga achitira mkamwini, koma iwo anangoyankha ndi mphuno. Tsiku lomwelo anapita pa okala n'kubwera ndi makapusozi ofiira ndi achikasu. Kwathu kapusozi timamukhulupirira kwambiri. Chifuwa, kapusozi. Chilonda, timamutsegula n'kuthira ufa wake pamenepo. Ngakhale nkhuku zikayamba kuwodzera timazisungunulira m'madzi.

"Mimba ikangotsegula, meza awiri," anatero amayi. "Usamangodya zonona za anthu zomwe sukuzidziwa."

Ndinkameza. Tsiku limodzi zinkaoneka ngati zaleka, lotsatira n'kubwera ndi ukali. Kuyambira pamenepo aliyense wochokera ku Malosa ankanditengera kathumba ka nandolo, pansi pake pali makapusozi.

Pofika nthawi ya dzinja anabwera amalume, omwe ndi ankhoswe anga. Anakhala pakhonde ndi amuna anga, ine ndili m'nyumba khutu lili pazenera.

"Akamwini," anatero amalume, "ife tinakupatsani munthu, osati ndodo. Sitikunena kuti mwachita kanthu ayi. Koma tikakolola, ngati zinthu zili chonchi, tidzamutenga akapumeko kwawo."

Aliyense amadziwa kuti mkazi wotengedwa kukapuma kwawo sabwerera kawirikawiri. Amuna anga anangoti, "Ndamva, amalume." Ine m'nyumbamo ndinapsa mtima koopsa. Ndinakwiyira amalume, ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira thupi langa lomwe linkanamizira munthu wosalakwa. Bambo ameneyu ankandichapira zovala ndikadziipitsira, osauza munthu. Ndinkaopa kufa, inde, koma kuposa apo ndinkaopa kuti banja langa litha chifukwa cha masaya.

Ndinabwereranso kuchipatala, mtima ulibe chiyembekezo. Ndinapeza adokotala ena achimayi, otopa, mzere uli mpaka panja. Anandikweza pasikelo, anamva mbiri yanga yonse, kenako anafunsa, "Panopa mukumwa mankhwala anji?"

"Palibe," ndinatero. "Kungoti makapusozi a m'mimba aja."

"Ati? Anakupatsani ndani?"

Ndinamasula pansonga ya chitenje n'kuwaonetsa. Anaika cholembera pansi n'kupumira m'mwamba. Ndinkaganiza kuti andikalipira, koma anandifunsa ngati ndinalimapo.

"Mukathira mankhwala opha udzu m'munda," anatero, "amasankha? Bonongwe ndi chisoso zomwe mumadya zija amazisiya?"

Ndinati ayi, zonse zimapsa.

Ndiye anandifotokozera. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, ndipo tambiri mwa ito ndi tabwino. Timathandiza kugaya chakudya kuti thupi lipezepo phindu, komanso timatsekereza toipa kuti tisachulukane. Mankhwala amene anandichiza taifodi anali oyenera, anandipulumutsa, koma anaphera limodzi tabwino tija. Tabwinoto tikanabwerera tokha pang'onopang'ono. Koma nthawi iliyonse imene tinkati tiphuke, ine ndinkathiranso kapusozi.

Ndinakhala kukamwa kuli yasa. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti kachilombo ndi mdani. Lero andiuze kuti ndikuonda chifukwa tizilombo tandichepera! Ndinaseka, kenako misozi inayamba yokha. Sikuti ndinali nditachira, koma kwa nthawi yoyamba vuto langa linali ndi mutu ndi miyendo, ndipo silinkaloza munthu chala.

Anayezanso chimbudzi changa kuti atsimikize kuti mulibe china choopsa. Kenako anandilamula kuti ndisiye makapusozi ogula ndekha, ndichepetse zamafuta, ndizidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala la mgaiwa lotendera, nthochi, mbatata, masamba, nyemba zochepa poyamba, chambiko, thobwa lophikidwa mwaukhondo. Anati ndisadzinamize kuti ndi mankhwala a tsiku limodzi, ndipo ndizibwera kusikelo.

Amuna anga atamva ananyansidwa. "Nyemba? Ine wophikira alendo a kunja, mkazi wanga ndimudyetse nyemba ndi thobwa ngati tili pamaliro?"

"Soseji wanu uja wandifikitsa pati?" ndinawafunsa.

M'mawa mwake ndinapeza nyemba zitanyikidwa m'madzi. Thobwa sankadziwa kuphika, moti anapita kwa mayi wina woyandikana nafe, mmodzi wa a pampopi aja, kukafunsa kathiridwe ka chimera. Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti, koma anawaphunzitsa. Amayi anga pafoni anachita kukuwa: "Chambiko kwa munthu wotsegula m'mimba? Madokotala amenewo akufuna akuphe?" Ndinawayankha mwaulemu, makapusozi awo n'kukawataya m'chimbudzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata oyamba sindinaone kusintha kwenikweni, ndipo nyemba zinkandichititsa manyazi pagulu. Chimene chinayamba kubwerera si mnofu ayi, ndi njala. Tsiku lina ndinadzuka m'mimba mukupempha chakudya mwaulemu, osati kulira kuja. Ndinadya nthochi ndili chiimire. Kenako linadutsa tsiku lathunthu osathamangira kuseri. Lamlungu lina ndinawaperekeza amuna anga mpaka pomwe msewu wa kuphiri umayamba kukhotakhota, ndikuona tauni yonse m'munsimu, miyendo osanjenjemera. Sikelo ndiyo inali yomaliza kuvomera, ndipo inkasuntha mwaumbombo.

Sindinabwerere pathupi langa lakale lija, mpaka lero. Koma pofika nthawi yokolola nkhope inali itadzadza, khungu likuwala, ndipo ndinkasenza ndowa yanga ndekha.

Amayi ndi amalume anafika Loweruka masana osatumiza mawu. Anandipeza pakhonde ndikudya mbatata, pakamwa pali fwa. Amayi sanandipatse n'komwe moni. Anandiimiritsa, kunditsina pamkono, kunditembenuza uku ndi uku ngati akugula mbuzi. Amalume anatsokomola, kukhala pampando, n'kuyamba nkhani ya mvula ndi feteleza. Anaikoka nkhani imeneyo mpaka dzuwa kupendeka. Zomwe anadzera sanazitchule, ndipo palibe anawakumbutsa.

Atatsala pang'ono kunyamuka, amayi anakhala pamphasa n'kuyang'ana kukhoma, chifukwa kwathu mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini. Anandituma kuti ndiitane amuna anga kukhitchini. Anabwera akupukuta manja, n'kunjuta chapatali, nkhope ili gwa ngati munthu wodikira chigamulo.

Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero, maso ali kukhoma, "ine ndinakuganizirani zoipa. Mwandisungira mwana."

Amuna anga anaomba m'manja kawiri, kudzuka, n'kupita kuseri kwa nyumba. Tonse tinkawamva akumina kumeneko. Pa matenda anga onse aja sindinawaonepo akulira.