Tinayamwa Bere Limodzi

Mpaka lero, njinga yamoto ikazima pafupi ndi nyumba mtima wanga umagunda. Chaka chimene izi zinayamba, njinga zinkazima pakhomo pathu, kwa Ndamera, kumene ndinkakhala ndi agogo anga.

Amayi anamwalira ndili wakhanda. Mayi wina woyandikana nafe, amenenso anali ndi khanda lobadwa mwezi umodzi ndi ine, anandiyamwitsa pamodzi ndi mwana wakeyo. Mnzangayo anakula wolankhula, ine ndinakula wongoyang'ana. Chisankho chitayandikira, iye anaimira uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Lamulo limafuna munthu wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo iye ankati anazikwanitsa. Ine ndinali ndi makumi awiri okha. Mudzi wonse unkadziwa kuti tinayamwa bere limodzi.

Oyamba kubwera anali anyamata a munthu amene ankapikisana ndi mnzangayo.

"Mphwanga, Loweruka kuli msonkhano," anatero wamkulu wawo. "Udzangokwera pansanja, unene zaka zako, utsike."

"Mwanayu salankhula pagulu," anayankha agogo.

"Aphunzira, agogo. Paja malemu mayi ake anachokera ku Mozambique, eti? Zoterezi anthu akayamba kufunsa sizitha bwino."

M'mawa mwake kunabwera anyamata a mnzanga uja. Iwo sanatsike n'komwe panjinga. Mmodzi anayang'anitsitsa denga lathu.

"Udzu wauma bwino chaka chino, agogo," anatero, anzake n'kuseka.

Atachoka, agogo anadzaza madzi m'zidebe zonse, n'kuziika m'mbali mwa khoma. Kudimba ndinasiya kupita. Ndinkakhala kuseri kwa chitseko, kumvetsera msewu. Ndikanena zoona, denga lipsa. Ndikakana kukwera pansanja, enawo afukula za amayi. Mnzangayo sanabwere ngakhale kamodzi, ndipo sindidziwa ngati ankadziwa zimene anyamata ake ananena.

Lachisanu masana ndinamva mapazi, osati njinga. Anali mayi aja anandiyamwitsa, atanyamula nkhafi yopalasira bwato. Anapereka moni kwa agogo, koma mkeka anaukana.

"Mwananga, tuluka ndikuone," anatero.

Ndinatuluka. Ndinkayesa abwera kudzandipempha kuti ndiname.

Koma iwo anati, "Nonse awiri ndinakuberekani kumsana umodzi. Sindikufunsa zimene ukananena mawa. Bwato lathu lili padooko. Ku Nyachikadza, kutsidya kwa mtsinje, njinga yamoto siifika, ndipo kuli achimwene anga. Ukakhale kumeneko mpaka anthu avote."

"Nanga agogo?"

"Azigona kwathu. Denga limeneli ndiliyang'anira ndine, ndione amene abwere ndi machesi."

Anandipatsa nkhafi ija, n'kutembenuka, ulendo wa kwawo.