Bomba la ku Japan M'galimoto Mwanga

Bambo anga atabwera kudzationa ku Perth, ku Australia, miyezi iwiri inatha asanachezepo ndi mdzukulu wawo kupitirira moni. Mwana wanga wamkaziyo Chichewa amamva, koma poyankha ndi Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno, chimene bambo ankati ngakhale aphunzitsi awo a ku mishoni sakanachitola. Zinkandiwawa kwambiri. Anali atatsala pang'ono kubwerera ku Dowa, ndipo pa msinkhu wawo ulendo wachiwiri sindinkauyembekezera.

Loweruka lina tikuchokera kogula zinthu ku Cannington, tinatsekeredwa pamsewu waukulu chakufupi ndi Kwinana. Kutsogolo kunali kutachitika ngozi. Dzuwa linali likuswa mtengo, magalimoto ali ndondondo osasuntha. Mwanayo, ali kumpando wakumbuyo, anayamba kuloweza mokweza mfundo za mtsutso wa kusukulu. Funso linali lakuti kodi kunali koyenera kuponya mabomba a atomiki ku Japan kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ithe. Iye anali mbali yokana.

"Akuti chiyani za Japan?" anafunsa bambo.

Nditawafotokozera, anawongola khosi. Bambo awo anali msilikali ku Burma, nkhani imene tonse tinakula tikuimva. Ankati asilikali anali atauzidwa kale zokwera sitima kupita kukamenya kwina, bomba n'kugwa, iwo n'kubwerera kumudzi ali moyo. Bambo anga anabadwa pambuyo pake.

"Muuzeni kuti bomba limenelo ndi limene linatibwezera bambo anga. Likanapanda kugwa, m'galimoto muno bwenzi mulibe munthu."

Mwanayo sanadikire kuti ndimasulire. Anayankha m'Chingerezi kuti mabombawo anawotcha ana amene sanagwirepo mfuti, ndipo munthu woyamikira zotero sanaganize bwino.

Kwathu mwana satsutsa agogo ake maso ndi maso. Ndinachita zimene mayi aliyense wa kwathu akanachita. "Akuti wamva, bambo, ndipo wathokoza."

"Sindinanene zimenezo, Mami," anatero mwanayo, m'Chingerezi chomwecho. Ndinali nditaiwala kuti bodza langa akulimva.

Bambo mawuwo sanawamve, koma nkhope ya mdzukulu wawo anaiona pagalasi. "Inu, musandidyetse phala ngati wodwala. Wanena chiyani?"

Ndinalakalaka nditatsika n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba ku Rockingham. Kumanzere kwanga kunali bambo ondibereka, kumbuyo mwana wobereka ndekha, kutsogolo lole yamafuta. Ndikanena zoona, nkhalamba ikwera ndege ndi chilonda. Ndikabisa, mwana adziwa kuti Chichewa ndi chinenero chonamizira akuluakulu. Ndinagwiritsa chiwongolero, n'kumasulira zonse, ngakhale za kusaganiza bwinozo.

Ine ndinadziuza kuti basi, ndawadanitsa. Koma bambo anamasula lamba wa pampando, n'kutembenuka ndi thupi lonse, chinthu chovuta ndi msana wawo uja. Sanadzerenso mwa ine.

"Iwe, ndiyankhe wekha. Ana ajawo akanakhala ndi moyo, ine osabadwa, amayi akowa osabadwa, iwenso osabadwa. Ukusankha ziti?"

Mwanayo anatsegula pakamwa, Chingerezi n'kumuthawa. Misozi inalengeza. Anayankha m'Chichewa chake chopindika chija, chimene amachita nacho manyazi ngakhale kutchalitchi.

"Sindikudziwa, agogo."

"Eya," anatero bambo motsitsa mawu. "Bambo anganso sankadziwa. Pagulu ankaliyamikira bombalo. Koma tsiku lina ataona chithunzi cha mzinda umene unaphulitsidwa ndi bombalo m'buku langa la kusukulu, anakakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka madzulo, osadya. Nkhani imeneyi sindinauzepo amayi akowa."

Zinali zoona, ndinali ndisanaimvepo. Ndinachita nsanje pang'ono, kenako chisoni. Magalimoto anali asanasunthebe. Bambo anatambasula dzanja n'kugwira bondo la mdzukulu wawo.

"Kusukuluko ukanene zonse monga wanenera muno. Ukatchulenso kuti agogo ako ali moyo chifukwa cha ana amenewo, ndipo sakudziwa kuti apepese kwa yani."