Nsomba za agogo zafa m'dziwe

Mwaswera bwanji nonse.

Nsomba za agogo zafa lero. Ndazipeza zikuyandama, madzi ali ofunda, akununkha ngati mazira owola. Agogo azitolera m'chitenje, kenako akuti aBiziweki a dimba loyandikana ndi dziwelo athiramo mankhwala. Mawa akufuna kukawazenga mlandu.

Ine ndikukayika. Ku sekundariya ku Ulongwe tinaphunzira kuti kalekale, anthu kulibe, nyanja zinatentha, mpweya wa m'madzi n'kutha, zamoyo zambiri n'kufa popanda wozithira kanthu. Nditawafotokozera angoti, "Iwe, nyanja unaionapo?"

Kunotu kwatentha, dziwe laphwera, ndipo dzana agogo anathiramo manyowa a nkhuku ochuluka kuti nsombazo zinenepe. Zoti mwina manyowawo ndi amene amaliza mpweya m'madzimo sindinawauze, ndalephera.

Amalume, inu amakumverani. Tiwauze bwanji asanapite kwa aBiziweki?